Nsapato pakhomo la mzikiti

Minibasi inatifera pa Bangula dzuwa lili paliwombo.
Zuze wakabaza anati, "Kwerani, bwana,
madzi ozizira ali kumzikiti wakale,"
ndipo tinadutsa m'minda ya thonje
yong'aluka ngati zidendene za m'chilimwe,
mbuzi zitaunjikana pamthunzi wa mlambe,
mphepo ikuwotcha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa.

Ndinkayembekezera nsanja yaitali.
Ndinapeza kanyumba kakafupi, laimu atasuwa,
malata adzimbiri atatsinjidwa ndi miyala,
kamwezi kachitsulo padenga katapendekeka
ngati kakutchera khutu ku Shire.

Che Twaibu anali pakhonde akusoka mkeka.
Za mpingo wanga sanafunse,
anangoyang'ana nsapato zanga.
Nditavula, chala chachikulu
chinasuzumira pachibowo cha sokosi,
iwo n'kuseka ndi mano awo atatu:
"Nachonso chabwera kudzaona."

M'katimo munali mdima wozizira,
fungo la mileme ndi lubani wakalekale.
Zitseko za mlombwa, zolemera ngati nkhunzi,
akuti zinabwera pasitima yapamadzi
amwenye akugulabe thonje padooko,
agogo awo ali wosenza mabelo.
Akuti, akuti.
Nkhani iliyonse inkayamba choncho,
poti amene anaona ndi maso anagona kuseriko
pansi pa masau, nkhope zitaloza kumpoto.

Koma pakhoma panali zimene anaona okha:
mizere itatu yamatope,
wina wa m'mawondo, wina wa m'chiuno,
wachitatu ndinachita kutukula dzanja.
"Uwu," anatero, "tinagona padenga masiku atatu.
Akatolika, a Ziyoni, a kwa Mbona, ife, ndi nkhuku.
Mabuku opatulika ndinawamangirira kumutu
ndi chitenje cha mayi wa Mvano.
Usiku wachiwiri Chanaze anachira
pa lata ilo mukuliona lopindikalo,
ng'ona zikuyendera m'mawindo.
Mwanayo tinamutcha Malata."
Atatero anakanda mzerewo ndi chikhadabo,
dothi n'kugwera pamkeka, iwo n'kulisesa ndi dzanja.
Laimu, akuti, amapaka paliponse
kupatula pamenepo.

Wotchi yapakhoma inaima kale pa teni koloko.
Anatuluka, nayang'ana mthunzi wa chikhomo pabwalo,
natawaza ndi madzi a m'birika lobooka.
Chimkuzamawu chinafa ndi batire lake,
choncho anakwera masitepe atatu,
zala m'makutu,
mawu osasa n'kuyamba ulendo wapansi
kudutsa mapira, kudutsa migwalangwa,
mpaka kukathera m'mabango.

Anabwera anayi.
Msodzi wonunkha milamba, telala ali ndi tepi m'khosi,
ndi anyamata awiri opikisana kupuma.
Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni
osadziwa kuti manja ndiwaike pati.
Ndinawerenga timabowo ta m'denga,
timadontho ta dzuwa pamisana yowerama,
khumi ndi kamodzi,
kenaka ndinadzimva ndikunong'ona pemphero
lomwe ndinalisiya pamanda a mayi anga ku Ntcheu,
mawu ena nditaiwala,
ndipo palibe anacheuka.

Madzi aja ndinamwa pambuyo pake,
a mumtsuko, onunkhira dothi,
makapu awiri osapumira.

Potuluka, nsapato panalibe.
Mtima wam'tauni unadumpha,
unali utayamba kale kuwerenga mtengo wake,
kuloza anyamata aja, kuloza Zuze.
Ndinazipeza pansi pa bwemba, pamthunzi,
zitapukutidwa fumbi, zitayang'ana kumsewu.
Kamtsikana ka yunifolomu yong'ambika paphewa
kanali katakhala pambali pake kakuswa malambe.
"Zikanakuwotchani," kanatero, osandiyang'ana.

Dzina sindinakafunse.
Zuze analiza belu,
ndipo njira yonse yobwerera ku Bangula
chala chija chinali phee m'chibowo chake,
manyazi ali kwina.