A, L, A

Magetsi apita kuyambira m'mawa.
Ku Mabvuku kuno sitidabwanso.
Ndaimika kandulo m'kapu yothyoka chogwirira,
ndakhuthula pa tebulo thumba la zitsekerero za mabotolo,
zina zopindika, zina zadzimbiri,
chilichonse ndinachilemba chilembo chimodzi kumimba
ndi utoto wofiira wa zikhadabo.

Namwino wa ku Parirenyatwa anati:
mawu a bambo anuwa sanafe, angosochera.
Muziyamba kuitana afupiafupi,
aatali adzatsatira okha.

Ndiye lamulo ndi ili:
A, L, A zigone pakati, zisasunthe,
aliyense abweretse chake kutsogolo.

Ndayamba ine. V. Vala.
Nyaradzo, mwana wanga wobadwira kuno,
waika B nawerenga mokweza: bara!
Lilime lake silimudziwa L.
Mzinda wonsewu sumudziwa,
oitanira makombi amagubuduza R yekhayekha
kuchokera m'tauni mpaka ku Tafara.

A Likongwe, bambo anga, angoyang'ana.
Dzanja lamanja lagona pabondo ngati la mlendo,
dzanja lomwe linasenza matumba a simenti
zaka makumi atatu ndi ziwiri
mpaka fumbi linalowa m'mizere ya chikhatho
n'kukana kuchoka.

Pala. Yala. Dala.
Sala ndamuika mofulumira, osakweza maso:
ameneyu ndinamudziwa ndisanadziwe kumulemba,
kusukulu, pamene ankatifunsa
kuti kumudzi kwathu n'kuti kwenikweni.

Zatithera za chilembo chimodzi.
Tamasula lamulo, ziwiri zilowe.
Chala. Phala.
Njala wabwera yekha, sanafune kuitanidwa.
Khala n'chiyani, amayi?
Ndi gara wanuyo, ndatero,
komanso ndi lija limatsala lofiira m'mbaula
anthu onse atagona.
Mawu amodzi zinthu ziwiri? Mukubera!

Mwala ndamuona,
M ndi W zinali pafupi ndi chigongono changa,
koma ndazisiya.
Ali pafupi kwambiri ndi mawu ena
amene sindifuna alowe m'nyumba muno chaka chino.

Kenako kukwekwereza.
Dzanja lamanzere, lija sanalemberepo chiyambire,
likukankha W pang'onopang'ono,
kulambalala dontho la kandulo,
mpaka wafika.
Wala.

Nyaradzo waomba m'manja. Ine ndagwira mpweya,
chifukwa chala sichinabwerere.
Chachotsa W kutsogolo, chamupititsa kumbuyo,
chakoka M,
chafufuza m'mulu nthawi yaitali,
galu wa aneba mpaka wauwa n'kuleka,
chapeza I wadzimbiri uja.

Malawi.

Sekuru, mayina a mayiko saloledwa!
Mwanayu malamulo amawagwira ngati wapolisi wa pamsewu.
Ndipo zilembo zachuluka, ndipo mwasuntha za pakati.

Bambo apukusa mutu.
Mlomo wakumanzere wanjenjemera, wakwera, wagwa,
chala chaloza kandulo,
kamoto kaja kakuwerama ndi mpweya wathu.
A mo-
a moto.

Miyezi isanu ndakhala ndikudikira.
Sindinalire. Ndatenga pensulo,
ndalemba mapointi kuseri kwa risiti ya magetsi:
Nyaradzo anayi, ine asanu ndi awiri,
a Likongwe ndawapatsa khumi.
Mwanayo akuti tibwerezenso,
ulendo uno pakati pakhale R.