Pa Abano, Sabata Yoyamba ya Juni

Kumunsi ku Alvani matcheri apsa,
ana akuyenda opanda nsapato.
Kuno chipale chidakalipo,
mlendo wosadziwa kutsazika.

Bachana anadutsa dzana ndi katapila wake,
nang'amba kanjira pakati pa makoma awiri oyera
otalika kuposa denga la galimoto yanga.
Makomawo akuchucha thukuta.
Pofika masana pansi ponse padzakhala phala.

Ndaponya giya yaing'ono, matayala onse anayi akukumba.
Lakumbuyo laterereka kamodzi, pang'ono chabe,
cha kuphompho kumene mtsinje ukumveka koma osaoneka.
Tonse zii.

Azakhali Eteri afungatira galasi la zenera
lokulunga m'bulangete.
Miyezi isanu ndi itatu osaiona nyumba yawo ku Dartlo.
Za phompho alibe nazo ntchito.
Akungoti, kaya denga lija lapirira.

Pamwamba penipeni ndazimitsa injini kuti ipume.
Ndatapa chipale kumanja:
chakuda, chamiyalamiyala, chokalamba,
mwina cha mu Januwale.
Azakhali agogoda chitseko ndi mphete yawo.
"Iwe Tedo, dzuwa likudya msewu. Tiye."