Dzenje Ndinakumba Ndekha

Dzenjelo ndinakumba ndekha, sindikana.
Mu Ogasiti, kuseri kwa nyumba kuno ku Nabvutika,
ndinaumba njerwa zikwi zinayi
za chipinda chimene mpaka lero chinaimira m'mazenera.
Dothi linakwera kukhala khoma,
pansi panatsala pakamwa poyasama.

Mvula ya Disembala itatsika m'phiri la Kanjala
pakamwapo panadzaza, nipayamba kuyankhula.

Usiku woyamba anali atatu, ndinawawerenga.
Wina wa mawu okhuthala ngati injini ya pachigayo,
wina ngati chitseko chosowa mafuta,
wachitatu ankangovomera.
Pofika Lamulungu anali ataitana akwawo onse,
a ku Lunkhwakwa, a m'madimba, a m'ngalande za ku Kapata.
Za lendi sanafunse. Ngakhale odi.

Ine ndimadzuka folo koloko
kupalasa njinga, kunyamula amayi a tomato kupita nawo kumsika.
Munthu wosagona njinga imamulemera kawiri.
Tsiku lina ndinasinza ndili pa mahandulo,
dengu la Amake Zelesi lonse mbwee mumsewu.
Makwacha sikisite ndinalipira
pa mlandu wa chule.

Malangizo ku Chipata sagula.
A Yotamu anati thira mchere.
Ndinathira wa ndiwo za mwezi wathunthu,
mkazi wanga Tikambenji akungondiyang'ana,
ndipo usikuwo anaimba ngati ndawakoleretsa.
Wina anati phulusa.
Wina anati oyilo wakuda wa kugalaja;
ameneyo ndinakana, chitsime chathu chili pomwepo.
Ndinabwereka abakha awiri kwa a Njobvu.
Tsiku loyamba anadya mbululu,
lachiwiri anapeza repu wa Tikambenji
ndipo repu ndiye anawakomera.

Kenaka ndinatuluka ndi tochi ndi thumba la feteleza.
Ukayandikira, zii.
Komboni yonse zii, ngati phokoso lija unachita kulota.
Maso okha pamwamba pa madzi, osaphethira.
Ndinatola makumi awiri, ozizira ngati chiwindi,
ndinawakweza pa kaliyala monga makasitomala,
ulendo wa ku Lutembwe, waulere.
Pobwerera ndinawamva ndikadali kumsewu waukulu.
Kaya otsalawo ankalira maliro, kaya ankandiseka,
chinenero chawo sindinachiphunzire.

Pomaliza ndinachita chimene ndinkachizemba.
Mawilibala makumi anayi ndi atatu:
zidutswa za njerwa, zinyalala, dothi la pachulu.
Masiku asanu njinga itatsamira khoma
ndinabwezera nthaka ngongole yake.
Matuza m'manja,
koma pakamwa paja panatsekeka.

Usiku umenewo ndinagona chagada, kudikira tulo.
Ndinamva udzudzu ukuzungulira neti.
Ndinamva lata likudonthera m'beseni.
Ndinamva a Yotamu ndi akazi awo
akukanganirana ndalama ya fizi.
Ndiye ndinamva chifuwa cha Tikambenji,
chouma, chochokera pansi,
chobwera katatukatatu.
Ndinamufunsa chinayamba liti.
Anati, muja munkathira mchere.
Kutacha, kasitomala woyamba pa kaliyala anali iye,
ulendo wa ku chipatala chachikulu,
dzanja lake lopepuka litagwira malaya anga.

Achule sanapite patali.
A Njobvu nawonso anaumba njerwa chaka chino.
Tikakumana pampopi moni wawo ndi wam'mphuno,
maso ali psuu.

Mmodzi anatsala, pansi pa mgolo wa madzi.
Amayamba cha m'ma naini, yekha, mokayikakayika,
kuitana anzake osabwera,
kupuma, kuyesanso.
Tikambenji akamwa mapiritsi ake amati,
msiyeni, akundiwerengera maola.
Ndamusiya.
Koma dzulo ndinagwada ndi tochi, ndinamuuza pamaso:
iwe, tsiku ukadzabweretsa mkazi pano,
nonse awiri mukwera njinga.