Pemphero la Mlonda wa ku Namiwawa

Ambuye, ndine Wedisoni,
uja wa ku Mbayani, wokhala benchi lakumbuyo,
uja amatuluka mbale ya chopereka ikamayandikira.
Mwina mawu anga munawaiwala.
Sindikudandaula, nanenso ndinakhala chete nthawi yaitali.

Magetsi anazima dzuwa lisanalowe.
Jenereta ya abwana ikulira kuseri uko,
ikuwalitsa zipinda zimene sindinalowemo.
Ine ndili pageti, chibonga pamiyendo,
foni m'manja, batire latsala kamzere kamodzi.

Elube ali ku Kwinzi.
Anamulowetsa ku Chatinkha madzulo ano.
Mwana wagona mopingasa, atero anamwino,
ndipo magazi akungotayika.
Mlamu wanga Dolofe waimba kamodzi kokha:
"Akuti mpeni. Ndasaina ine. Pempherani."
Basi, foni n'kuduka.

Pempherani!
Ngati pemphero ndi jekete
yongoichotsa pamsomali n'kuvala.

Ndinapempha abwana kuti ndithamangireko.
Anayang'ana wotchi, anayang'ana geti,
"Nanga kuno kutsala ndani?"
Ndinati chabwino bwana.
Anayankha ndi lendi ya mwezi uno, osati ine.

Ndayesa pemphero lija la ku Sande sukulu.
Ndikafika ponena za kufuna kwanu
lilime likukana.
Ndayambiranso. Lakananso pomwepo.
Ndinene zoona, Ambuye,
kufuna kwanuko ndikukuopa.
Chaka chathachi kunakulungidwa m'chitenje,
amayi okhaokha anakunyamula m'bandakucha,
ine ndinatsala pakhonde
osaloledwa ngakhale kulira mokweza.
Dzina tinali titasankha kale.
Lidakali m'kamwa mwathu, lilibe mwini.

Sindikulonjezani kuti ndisiya mowa.
Ndinalonjezapo kawiri, mukudziwa mmene zinathera.
Ndilibe chosinthanitsa nanu.
M'thumba muli ndalama ya minibasi yopita kokha,
ndi mndandanda wolemba Elube:
beseni, lezala, makandulo, zitenje zitatu.
Makandulowo ndinaiwala kugula.
Taonani, akukam'ng'amba mkazi wanga,
ine ndikulirira makandulo.

Taiga wabwera kudzagona pamapazi panga.
Masiku onse amandiuwa, galu ameneyu.
Kaya mwam'tuma ndinu, kaya ndi kuzizira chabe,
sindifunsa.

Abusa ananenapo tsiku lina
kuti Inunso ndinu mlonda, simuodzera.
Ndiye ntchitoyi mukuidziwa:
kuzungulira mpanda anthu ali mtulo,
kumvetsera tsamba lililonse logwa,
kutacha osamva zikomo.
Tiyeni tigawane, mlonda mnzanga.
Geti ili ndisunga ine.
Inu tsikirani ku Ginnery Corner,
mulowe pachipata, palibe akufunseni khadi,
mudutse magadiyani ogona pamakatoni m'khonde,
mukaime pafupi ndi dzanja logwira mpenilo.
Elube mum'zindikira:
ali ndi chipsera pachibwano,
ndipo akachita mantha amaimba nyimbo za kwaya
ndi mawu okhota.

Mukakam'peza, musamuuze kuti ndikunjenjemera.

Usiku wakalamba tsopano.
Jenereta yatha mafuta, nyumba yonse bii.
Ndikumva mtima wanga wokha
ukugogoda ngati mlendo wosochera.
Kumzikiti kutali uko ayamba kuitana,
anzathu adzuka kale kudzayankhula nanu.
Mzere ndi wautali, ndikudziwa.
Sindikuti mundidumphitse,
koma magazi sadikira.

Minibasi yoyamba yadutsa kumsewu,
kondakitala akukuwira Limbe ngati kulibe chachitika.
Phiri la Ndirande layamba kuoneka mutu.
Mawu aja sindinawamalizebe,
mundimalizire ndinu.

Foni ikulira, Ambuye.
Ndi Dolofe.
Kamzere kaja kakuphethira.
Chala changa chauma pamwamba pa batani,
sindikudziwa ngati ndikhale pansi kapena ndiimirire.

Musachoke.
Gwirani dzanjali, tiyankhire limodzi.