Nthambi Imene Bambo Ankaisiya

Kuseri kwa nyumba yathu ku Margilon
kunali mtengo wa mabulosi wokalamba,
mutu wake wotupa ngati chibakera,
poti chaka ndi chaka, chisanu chikangotha,
bambo ankausadza nthambi
kukadyetsa mbozi za silika
zimene zinkatilanda chipinda chogona.
Usiku tinkazimva zikutafuna masamba,
waa, ngati mvula yowaza pa malata.

Koma nthambi imodzi ankaisiya.
Ankati mkono watopa. Linali bodza.
Inali yathu: ine, Bahrom,
ndi Gulchehra, mwana wa ophika buledi,
amene ankakwera chosavala nsapato,
diresi atalipisira m'buluku,
n'kukhala kale pamwamba, miyendo lendelende,
ife tikadakankhana pansi
kulimbirana woyamba kuponda pa mfundo.

Kumwambako dziko linkachepa.
Bulu wa a Rahimjon, ngolo ya mavwende kumbuyo,
ankasanduka mbewa yokoka mikanda.
M'mabwalo a anthu munkalendewera ulusi
wongovuulidwa kumene mu utoto,
wofiira psuu, wachikasu, wobiriwira,
ndipo kutali, mapiri ovala zoyera ngakhale m'chilimwe.
Bahrom ankalumbira kuti akuona Toshkent.
Tinkamusiya. Aliyense anali ndi bodza lake.

Dzuwa likaswa mtengo tinkatsikira ku ngalande.
Unkaponya buledi wouma m'madzi kumtunda,
n'kuthamanga naye m'mbali, minga kapena ayi,
kukamuvuula pa mlatho wa thabwa limodzi
atafewa, akuzizira mpaka m'mano.
Sindinadyenso chokoma chotero.
Milomo yakuda bii ndi mabulosi,
tinkakanabe kwa amayi kuti sitinakwere.

Tsiku lina ndinafuna kumupambana mtsikanayo.
Ndinapitirira pamene iye ankalekezera,
pamene nthambi imaonda ngati mkono wa khanda.
Mphepo inabwera. Mawondo anasanduka madzi.
Kumzikiti anaitana pemphero la madzulo,
Bahrom anathawira kwawo,
ine ndili gwa, ndakumbatira mtengo,
mamina ndi misozi zasakanikira pakamwa.

Ndinangomva dzanja lagwira kakolo wanga.
"Usayang'ane pansi, Davron.
Yang'ana khungwa. Werenga nyererezo."
Anatenga phazi langa n'kuliika pa mfundo,
kenako linalo, kenako loyamba lija,
ngati akuphunzitsa mwana wa mbuzi masitepe.
Nyerere ndinawerenga makumi anayi ndi ziwiri.
Titafika pansi anapukuta manja pa diresi
n'kupita. Sanauze munthu. Mpaka lero.

Chaka chotsatira anamukhazika pa chowombera nsalu.
Akuti namwali sakwera mumtengo.
Ndinkamuona pa zenera, msana wowerama,
mapazi aja akuponda matabwa, gu, gu, gu,
kukwera makwerero osafika kulikonse.
Ine ndinkapita ndekha ku nthambi ija
koma mabulosi anali atayamba kuwawasa.

Tsopano ndimamanga nyumba za eni ku Novosibirsk.
Nsanjika yachisanu ndi chinayi, zitsulo zoterera,
chisanu choluma zala mkati mwa magolovesi.
Mwezi watha Bahrom ananditumizira chithunzi pa foni:
akuza msewu, phula lafika pa mpanda wathu.
Pamene panali mtengo pali pokwerera basi,
mayi wina wakhala pa benchi ndi jumbo ya anyezi.
Pansi pake analemba kuti, "Wapazindikira?"
Sindinamuyankhebe.

Koma mphepo ikagwedeza makwerero,
mawondo n'kuyamba zawo zija,
ndimatsamira chipumi pa khoma la simenti.
Kuno kulibe nyerere, ndimawerenga timing'alu.
Ndipo ndimadikira, ndevu zaimvi ndi chipale,
bambo wa ana atatu,
kuti dzanja laling'ono lonunkhira utsi wa buledi
ligwire kakolo wanga
n'kundionetsa poponda.