Belu la pa Dzenje Lachisanu ndi Chimodzi

Lachiwiri ndimapuma.
Ndimasiya mapilitsi ndi zofunda za okalamba,
n'kukwera basi yoyamba, n'kutsikira pa Cullen
chikwama cha bambo Alasdair chili paphewa,
ndodo zisanu ndi ziwiri, zogwirira zake zoperepeseka.
Anandipatsa tsiku limene mawondo anawakana.
Anati, pita ukandionere
ngati dzenje lachisanu ndi chimodzi likunamizabe anthu.

Likunamizabe.

Ukaima apa mbendera suiona.
Umaona chitunda cha mchenga chovala udzu wolimba,
pamutu pake mwala wopaka laimu,
ndipo mwalawo ndiye mawu okhawo
amene mwini luso anakusiyira:
menya pamwamba panga, zinazo ukaziona konko.

Ine ndinakulira kusenza zikwama ku Thyolo,
mwana wosavala nsapato pambuyo pa mabwana a tiyi,
kusaka mipira yawo m'thengo kuti ndipate ya sopo.
Ndinkati gofu ndi ya anthu osowa kopita ndi miyendo.
Palibe anandiuza kuti kuli munthu
amene amaima pamtunda, chipewa m'manja,
n'kusankha pamene mlendo adzachitire mantha
zaka zana iye atagona.

Dzina lake sindinafunse.
Ndimangomuona m'maganizo, zikhomo m'thumba, chingwe m'khwapa,
akulondola nkhosa tsiku la mphepo
kuti aone pomwe zimabisala,
pomwe zakhuta nthaka ndi misana mpaka mchenga kutuluka.
Pamenepo anati, msampha ukhale apa.
Sanasalaze kanthu.
Nthaka inali itayankhula kale, iye anangovomera.

Taonani kamtsinje ka pa dzenje lachitatu,
kopyapyala ngati lamba wa mwana wasukulu.
Kadutsa ndendende pogwera mpira wa munthu wodzikonda.
Kandimwetsa madzi kanayi chaka chino.
Ukadzichepetsa, kumenya mwaulemu, kuima tsidya lino,
umawoloka wouma,
koma mtima umakutukwana njira yonse.

Nayo mphepo ya kunyanja kuno ilibe mwambo.
Mpira wokwera m'mwamba imaufwamba
ngati mphamba pa mwanapiye,
n'kukautaya m'zitsamba zaminga za maluwa achikasu
zonunkhira ngati kokonati, zolasa ngati ngongole.
Ndaphunzira kuukwawitsa,
uthamange chamunsi ngati nkhwali m'mizere,
ugunde phewa la chitunda, upotoloke wokha,
utsetsereke, uzengereze,
uime.
Pamenepo ndimaseka ndekha m'kamvula konga chiperoni,
chifukwa phewa lija analisiyira dala,
ndipo lero, mochedwa chonchi, ndamumva.

Kuseri kwa chitunda kuli kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali,
wopendekera kumene diso likukana.
Ndinamenya katatu pamtunda wa mapazi khumi.
Kenaka ndinakoka chingwe cha belu ladzimbiri
lopachikidwa pamtengo,
kuuza amene ali m'mbuyo, osandiona, osandidziwa,
kuti ndachoka, njira ndi yawo.
Ngo, ngo.
Mbalame zoyera zinadzuka pamiyala n'kuteranso.

Lachitatu m'mawa ndikuwameta ndevu bambo Alasdair.
Dzina la mwana wawo wamkazi lawathawa sabata ino,
tiyi amamuiwala m'kapu mpaka kuzizira,
koma akundigwira dzanja, thovu lili pachibwano:
Mphepo imachokera kuti?
Kumpoto, bambo.
Ndiye unayenera kuloza kumanzere kwa mwala, mnyamata iwe.
Ndinaloza kumanja.
Akuseka mpaka kutsokomola.
Chala chawo chikujambula pabulangete
kupendekera kwa kapinga uja, osaphonya,
kuyambira pabondo kutsikira kuchiuno.

Unaliza belu?
Ndinaliza.
Akutseka maso, akutchera khutu kuzenera
ngati kuti mpaka tsopano
akudikira kuseri kwa chitunda, ndodo m'manja,
kuti wina awauze kuti angathe kumenya.