Chule wa Tuuli

Tuuli atapita ku Tampere kukaphunzira za mano
anandisiyira chule wake m'bokosi lagalasi
ndi kapepala pachitseko cha filiji:
nkhululu zinayi Lolemba ndi Lachinayi,
madzi opanda mankhwala,
osamugwira ndi manja a sopo.
Dzina lake ndi Rovasti,
ati amakhala ngati m'busa amene wadya kale.

Kuno ku Oulu mu Januwale
dzuwa limangosuzumira ngati wodzapempha mchere
n'kubwerera.
Chipale chafika m'mawindo.
Koma m'bokosimo muli dziko lina, lofunda, lachinyezi,
nthambi imodzi,
ndi chule wa m'mitengo wa ku Australia
amene sanaionepo Australiayo.

Usiku wa Lachitatu, kusanache,
ndinamva kaphokoso.
Sikunali kulira kwake kuja konga sowo pa thabwa lonyowa.
Aka kanali kena:
tswii, kenako tcha, tcha,
ngati chala chikukhula mbale yotsukatsuka.
Ndinayatsa tochi.

Ndinamupeza atafufuma, msana utakhota,
akuyasamula, kutseka, kuyasamulanso,
kubiriwira kwake kutazilala ngati wawazidwa phulusa.
Mwendo wakumbuyo unakwera mpaka pamutu
n'kutsika ukukoka kanthu koyera, kopyapyala,
konga kamene kamayala pamwamba pa mkaka wowiritsa.
Ndinati basi, wapita.
Ndapha chule wa mwana wanga.

Foni inaitana kasanu ndi kawiri.
"Ababa, mukudziwa nthawi?"
Ndinafotokoza mawu akunjenjemera,
ndinayeserera ndi kaphokoso komwe,
munthu wamkulu ine,
wa zaka makumi atatu pa fakitale ya mapepala,
kuchita tswii pa foni nditavala kabudula wam'kati.
Anaseka mpaka kutsamwa.
"Akufundula. Amatero kawirikawiri,
kungoti inu mumakhala muli m'tulo.
Muyang'aneni bwino, alidya."

Analidyadi.
Anakokera khungu lonse m'kamwa
monga munthu wovula juzi kudzera kumutu
amene m'malo moiponya pampando waimeza,
manja ake omwe, ndi kolala yomwe.
Maso analowa m'kati pomeza, natulukanso.
Kenako anakhala phee panthambi,
akunyezimira, watsopano,
osandiyang'ana n'komwe.
Pansi panalibe chotola.

Tulo tinandithawa.
Ndinakatsegula kabati ya pakhomo:
ovololo yanga yabuluu,
pachifuwa dzina la fakitale imene inatsekedwa,
nsapato za Tuuli zoterera pa ayezi, zija zazing'ono,
jekete la Sinikka, tikiti ya basi ikadali m'thumba
ngakhale mwini wake ali ndi mwamuna wina ku Kajaani
chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi.
Makungu okhaokha.
Ndinawanunkhiza limodzi limodzi.
Panalibe limene ndikanatha kumeza,
ndipo sindinataye ngakhale limodzi.
Ndinatseka kabati, ndinakatereka khofi.

Loweruka, ndikupopa fumbi ndi makina,
Rovasti anayankha.
Khosi linatupa ngati chibaluni,
gwaa, gwaa, gwaa,
galasi lonse kunthunthumira.
Tuuli akuti amayesa ndi mvula ikubwera,
kapena mphongo inzake ikumuderera kuseri kwa sofa.
Iye sakudziwa bwino. Palibe anamufunsapo chuleyo.
Ndikazimitsa amapitiriza pang'ono,
n'kumvetsera,
n'kusiya.

Masiku ano ndimayatsa makinawo madzulo alionse
ngakhale pa kapeti palibe ndi kafumbi komwe.
Mayi Heikkilä a chipinda chapansi
amagogoda denga lawo ndi mpini wa tsache,
katatu, nthawi zina kanayi akakwiya kwenikweni.
Zimayankhana zitatuzo,
makina, chule ndi tsache,
ine nditaima pakati, chingwe chili m'manja.

Dzulo mayiwo sanagogode.
Ndinadikira mphindi khumi makina akulira,
kenako ndinavala masilipasi
n'kutsika masitepe kukawaona.